Kumitambo Kulibe Chiswe

"Ife tangofunsa funso limodzi," anatero apongozi. "Mwanayo ali kuti?"

Nsungwi anayang'ana pepala lomwe linali pa tebulo, lopsinjidwa ndi sizasi yake kuti lisauluke. Linali Lamlungu masana. Pabalaza panali anthu anayi: iye, mwamuna wake kalipentala, apongozi ake, ndi mlamu wake, mlongo wa mwamunayo, yemwe anali kalaliki pa chipatala chaching'ono cha kuseri kwa msika. Pepalalo linabwera m'chikwama cha mlamuyo.

"Mwana wake uti, amayi?"

"Alamu, tisatayitsane nthawi," anatero kalaliki uja, chala chili pa pepala. "Dzina ndi lanu. Tsiku lobadwa ndi lanu. Dzina la malemu mayi anu ndi ili apa. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo munayenda kusikelo, munabereka mwana wamkazi. Patatha masiku anayi munabwererako thupi likutentha, chiberekero chitatupa, anakugonekani sabata yathunthu."

"Ine sindinaberekepo."

"Ndiye kuti kompyuta yapenga?" anafunsa kalaliki.

Chaka chapitacho zipatala zonse za m'deralo zinasonkhanitsa makaundula akale, n'kuwajambula tsamba ndi tsamba, n'kuwasunga m'makina akutali amene anthu ankangoti kumitambo. Munthu ukaika chala pa kagalasi, moyo wako wonse unkatuluka, kuyambira katemera woyamba mpaka dzino lomwe unazula dzana, ndipo chipatala chilichonse chinkatha kuwerenga. Apongozi anakomokapo paulendo, kutali ndi kwawo, adokotala a kumeneko n'kudziwa mankhwala awo a shuga iwo asanatsegule maso. Kuyambira tsiku limenelo ankakhulupirira kumitambo pafupifupi ngati kumwamba.

"Zaka zisanu ndi chimodzi," anatero apongoziwo. "Mwana wanga akungokhoma timabedi ta ana a eni ake. Inu timakuitanani kuti atelala ngati tabwera kudzasoketsa, chifukwa palibe dzina la mwana loti tikuitanireni. Ife tinkati ndi Mulungu. Osadziwa kuti munalowa m'nyumba muno mphika utasweka kale, n'kuuvundikira."

"Alamu," anatero Nsungwi, "ine ndinabwera liti kuchipatala kwanu kuti mutsegule fayilo yanga?"

"Ndimafuna kukuthandizani. Ndinati ndione ngati pali chimene adokotala akuphonya."

"Mwandithandizadi."

"Musatembenuze mlandu," anatero apongozi. "Mlandu suola. Wakwiriridwa zaka khumi ndi ziwiri, lero wafukuka uli wawisi."

Nsungwi anatembenukira kwa mwamuna wake. Ndiye amene anamupatsa dzina loti Nsungwi, tsiku lomwe anabwera kudzayeza tebulo lodulirapo nsalu n'kupeza kuti telala wake amamuyang'ana pa liwombo. Tsopano, pensulo ili kukhutu, ankakanda guluu wouma pa chala chachikulu.

"Bambo, inu mukuti chiyani?"

"Ine ndikuti..." Anayang'ana pa tebulo. "Pepalali lalembedwa, mayi."

"Ndipo ine ndayankhula."

Mwamunayo sanadzutse mutu.

Apongozi anaimirira, akukoka mpango pa phewa. "Mwezi uno watsala ndi masabata atatu. Ukamatha tibweranso. Mudzatiuze kumene kuli mwanayo ndi bambo ake, kapena tidzapeze mwalongedza makina anuwo."

Atachoka, kalipentala anapinda pepalalo kanayi, n'kuliika m'thumba la ovolosi. Madzulo ake ananyamula bulangete kupita nalo ku shedi yake ya matabwa kuseri kwa nyumba.

Lachitatu Nsungwi anakwera basi kupita kusukulu kumene mng'ono wake ankaphunzitsa. Anamupeza pa nthawi yopuma, ali yekha m'kalasi, ataponda pa benchi kuti afufute pamwamba pa bolodi. Ana ankamuti Madamu, koma kwawo ankamuti Kachitsa.

"Achemwali, mwandidzidzimutsa. Mwabweretsa diresi lija?"

"Ndabweretsa buku lija."

"Buku liti?"

"Limene amayi anati chiswe chidzadya."

Kachitsa anatsika pa benchi pang'onopang'ono. Anakatseka chitseko, n'kukhala pa desiki ya mwana, ndipo inamukwana bwinobwino.

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo Kachitsa anatenga mimba ali ndi zaka khumi ndi zisanu, mutu wakuthwa, mayeso ali chaka chamawa. Mayi awo anaopa kuti dzina lake likalembedwa kusikelo, mbiri ifika kwa ahedi, sukulu ithera pompo. Nsungwi anali ndi zaka makumi awiri, atasiya kale sukulu, akuphunzira kusoka. Mayiwo anangotenga buku lake la kuchipatala n'kupatsa wamng'onoyo, n'kupita naye kuchipatala cha kutali kumene sankadziwika. Kusukulu ananena kuti akudwala chifuwa. Mwanayo anakhala ndi moyo masabata atatu. Kansalu komuikira m'manda anasoka ndi Nsungwi, chinthu choyamba chimene anasokera munthu.

Nsungwi anafotokozera mng'ono wake za Lamlungu lija. Kachitsa ankangopukuta choko m'manja, choko chitatha kale.

"Amayi anati ndi pepala chabe," anatero.

"Amayi sankadziwa kuti kudzabwera malo opanda chiswe."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani?"

"Sindinanene kuti ndikufuna. Ndabwera kudzakuuza kuti nyumba yanga ikupsa, ndipo madzi ali m'chitsime chako."

"Achemwali, bambo a anawa mukuwadziwa. Anachotsa mtsikana mu kwaya chifukwa siketi inalekeza pa bondo. Lamlungu lililonse amaimirira kutsogolo n'kunena kuti anakwatira duwa losafungatiridwa ndi njuchi. Akamva izi andithamangitsa, ana n'kundilanda."

"Ine poti ndilibe ana oti andilande, eti?"

"Sindinatero."

"Sunatero. Ndanenera ndine."

Kachitsa anayamba kulira mopanda phokoso, monga ankalirira ali wamng'ono, mphuno yokha ikugwira ntchito. Nsungwi anatulutsa kachidutswa ka nsalu m'chikwama n'kumupatsa.

"Pukuta. Ana angaganize kuti ndabwera kudzamenya aphunzitsi awo."

"Ndipatseni nthawi, achemwali. Ndipeze tsiku loti ali bwino, ndiyambe pang'onopang'ono."

"Mwamuna wako anakhalapo bwino liti?"

Kachitsa anaseka pakati pa misozi, kenako anasiya. "Chilichonse chimene ndili nacho, choko ichi, nyumba ija, ndi dzina lanu lomwe linandigulira. Ndikudziwa. Koma ndikuopa."

Belu linalira. Ana anayamba kugunda chitseko ndi mapewa. Nsungwi anaimirira, n'kukonza kolala ya mng'ono wake yomwe inapindikira m'kati.

"Chibale ndi fupa," anatero. "Sichiola, koma chimatsamwitsa. Kaphunzitse."

Sabata yotsatira anapita kuchipatala chachikulu, ku ofesi ya mafayilo, kachipinda kopanda zenera kumapeto kwa khonde. Munali bambo wachikulire wa magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Nsungwi anaika chala pa kagalasi, n'kunena kuti mu fayilo yake muli matenda a munthu wina.

"Ndinu wachisanu ndi chiwiri mwezi uno," anatero bamboyo. "Kale buku limodzi linkachiritsa nyumba yonse. Dzana kunabwera bambo wa ndevu mpaka pachifuwa, fayilo yake ikuti anabereka mapasa."

"Ndiye mungafufute?"

"Kumitambo sitifufuta, mayi. Timangosamutsa. Mwini wake wa matendawo abwere, aike chala, avomere, ife tichotsa kwa inu n'kuika kwa iye."

"Akaika chala, zikhala mu fayilo yake mpaka liti?"

"Mpaka adzamwalire. Ndiye ubwino wake wa makinawa." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiponso kuipa kwake."

"Nanga akapanda kubwera?"

"Nditha kulemba pambali kuti mwini fayilo akukana tsamba ili. Adokotala aziona, asamakupatseni mankhwala potengera mimba yomwe simunakhale nayo. Koma tsambalo likhalapo."

"Lembani."

Bamboyo analemba ndi zala ziwiri. Kenako anaima, n'kutsitsa magalasi a pachipumi kuwasanjika pa enawo.

"Mumadwaladwala kuchipatala cha kuseri kwa msika?"

"Sindinapondeko chaka chino."

"Fayilo yanu yatsegulidwa kumeneko kasanu ndi kanayi m'miyezi iwiri, ndi kalaliki mmodzi yemweyo. Ulendo womaliza anasindikiza tsamba. Makinawa amalemba za odwala, komanso amalemba aliyense wosuzumira. Anzathuwa amaiwala zimenezo." Anasindikiza mapepala awiri. "Ili ndi mndandanda wa masiku ndi maola. Ili ndi fomu ya dandaulo. Mukasaina, ntchito yake yatha, ndipo sadzagwiranso pa chipatala chilichonse. Ndi wachibale?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Mlendo sasuzumira kasanu ndi kanayi."

Nsungwi anapinda mapepalawo n'kuwaika pansi pa chikwama. Mlamu wakeyo ankalera yekha ana atatu, ndipo mankhwala a shuga a apongozi ankawatengera ndi iyeyo. Kunyumba anawabisa m'kabati ya makina osokera, pamodzi ndi mabobini.

Masiku otsalawo anasoka mayunifolomu. Chakudya ankachiika pa khomo la shedi, mbale n'kubwerako yotsukidwa. Kachitsa anaimba foni kawiri, ulendo uliwonse n'kufunsa za diresi, n'kukhala chete, n'kudula. Mayi wina wodzayeza bulauzi anamufunsa, akuyang'ana kudenga, ngati n'zoona kuti ali ndi mwana wamkulu kwinakwake. Nsungwi anamuuza kuti akweze manja. Mvula ikakuona litsiro sikata, anaganiza, mapini ali kukamwa. Lachisanu lomaliza anapaka makina ake mafuta, n'kufunafuna katoni yomwe anabwera nayo.

Loweruka m'mawa, kumapeto kwa mwezi komwe apongozi ananena, kalipentala analowa m'nyumba tepi ili m'manja.

"Mayi, taimani apa."

"Pati?"

"Pa felemu ya chitseko. Vulani nsapato."

"Mukufuna kundikhomera bokosi?"

"Taimani chabe. Chidendene chigunde thabwa."

Anaima. Mwamunayo anatenga sikweya, n'kuitsamiritsa pamutu pake, akunyanyamphira, n'kulemba kamzere ndi pensulo. Anayeza kuchokera pansi. Anabweza tepi, n'kuyezanso, monga ankachitira asanadule thabwa lililonse. Kenako anatulutsa pepala lija, lomwe tsopano linali lofewa ngati nsalu chifukwa chopindidwa ndi kufutukulidwa.

"Inu ndinu masentimita 171," anatero. "Anamwino a kusikelo analemba msinkhu wa mayi wa pa pepalali. 149. Anayeza maulendo atatu, miyezi yosiyana, 149 yemweyo. Thabwa limafupika likauma, koma sindinaonepo munthu wa zaka makumi awiri akutalika ndi chikhatho chathunthu."

Nsungwi anachoka pa felemu paja.

"Masabata atatu ndakhala ndikuwerenga mawu okhaokha," anatero mwamunayo. "Anabereka, mwana wamkazi, anabereka, mwana wamkazi. Dzulo ndi pamene ndinawerenga manambala. Ine, munthu wa manambala." Anapinda tepi. "Ndinakhomapo mashelefu m'khitchini ina. Mwini wake anandiuza kawiri kuti nditsitse."

"Musatchule."

"Sinditchula."

Panja panamveka odi.

Apongozi analowa ndi mwana wawo wamkazi, n'kukhala pa mipando yomwe ija. Maso awo anagwera pa katoni yomwe inali pafupi ndi makina.

"Ndaona mwasankha," anatero.

"Katoniyo ndi ya zidutswa, amayi," anatero kalipentala. Anayala pepala pa tebulo, n'kuwafotokozera za manambala awiri aja, kenako n'kuwaonetsa kamzere pa felemu. Apongozi anaimirira kukayang'ana. Anaika dzanja pa chibwano cha mpongozi wawo, pamene kalipentala ananena kuti ndi pa 149, n'kuyang'ana mutu wonse womwe unatsala pamwamba.

"Anamwino amalakwitsa, achimwene," anatero kalaliki.

"Katatu? Paja unati kompyuta sipenga."

"Ndiye dzina lawo linafikamo bwanji?"

"Buku langa linabwerekedwa," anatero Nsungwi. "Inu mumagwira ntchito konko, mukudziwa kuti zinkachitika."

Kalaliki anayang'ana nambala ija. Kenako maso ake anachepa. "149," anatero pang'onopang'ono. "Kwanu kuja wamfupi chotere ndani? Musavutike kuyankha. Lolemba ndikangofika pa ofesi, ndi mphindi ziwiri."

Nsungwi anapita pa makina ake, n'kutsegula kabati ya mabobini. Anaika mapepala awiri aja pa tebulo, n'kuwapsinja ndi sizasi.

"Werengani, alamu. Ndinu ophunzira."

Kalaliki anawerenga. Atafika pakati pa mndandanda anasiya, n'kuika manja pa miyendo.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa apongozi.

"Kumitambo kuja kumaonanso osuzumira, amayi," anatero Nsungwi. "Alamu anatsegula fayilo yanga kasanu ndi kanayi ine ndisanadwale. Ulendo wina linali tsiku lomwe ndinkawasokera mwana wawo yunifolomu, iwo ali pa foni kundifunsa ngati yatha. Pepala lachiwirili ndikasaina, ntchito yawo yatha."

"Ingathedi?" Apongozi anafunsa mwana wawo.

"Ingathe," anatero kalaliki, mawu ali pansi.

"Sindinasaine," anatero Nsungwi. "Ana atatu aja sanandilakwire. Pepalali likhala ndi mabobini anga. Koma tsiku lomwe mudzatsegule fayilo ya munthu aliyense wa kwathu, wamtali kapena wamfupi, makina adzalemba, ine ndidzasaina. Ndipo mayi uja wa bulauzi, amene anamva kwa inu, mukamuuze nokha kuti munawerenga molakwa."

"Alamu, ine sindimafuna kuti..."

"Mumafuna kundithandiza. Munanena kale."

Apongozi anapumira m'mwamba. "Khoswe wakhala pa mkhate," anatero, osayang'ana aliyense. Anakhala kanthawi akusisita bondo. "Nanga mwanayo? Mwana analipo ndithu, si wa pepala."

"Analipo. Anakhala masabata atatu. Sanali wanga, koma ndinamunyamula. Zotsalazo ndi za eni ake."

"Anali ndi dzina?"

"Sanafike potchulidwa."

Apongoziwo anaika ana awiri m'manda asanabereke kalipentala. Sankazinena, koma aliyense ankadziwa. Anagwedeza mutu pang'ono, n'kukonza mpango womwe sunasokonekere.

"Ndiye ngati si zimenezo," anatero patapita nthawi, "vuto la nyumba ino lili pati?"

"Kaya," anatero Nsungwi. "Ine andiyeza kanayi m'zaka zisanu ndi chimodzi. Alamu, fayilo ya achimwene anu ikuti chiyani?"

"Sindinaitsegulepo."

"N'kamodzi komwe?"

Kalaliki anayang'ana pansi. Kalipentala anachotsa pensulo kukhutu, n'kuiyang'ana ngati wangoitola.

Alendowo sanakhalitse. Pa khomo apongozi anaima, n'kunena kuti diresi lawo la kutchalitchi lathina m'chiuno, adzabwera nalo Lachiwiri. Nsungwi anati adzabwere nalo m'mawa, masana amatanganidwa.

Atatsala awiri, mwamunayo anatola pepala lakale lija. "Ndikaliponye pa moto?"

"Ponyani. Kumitambo lilipobe."

"Mwini wake uja sadzabwera kukaika chala, eti?"

"Mwina tsiku lina. Mwina ayi." Nsungwi anabwezera mapepala ake m'kabati. "Asabwere. Kamwana kaja kalibe dzina, kalibe mwala pamanda. Kakhale ndi mayi wolembedwa penapake."

Mwamunayo anaima pakati pa balaza, manja akusowa chogwira. "Mayi, ndinalakwa."

"Tepi mwaikhulupirira m'mawa umodzi. Ine ndinakuuzani tsiku loyamba lija."

"Ndikudziwa."

"Mukanapeza kuti anamwino sanalembe msinkhu, bwenzi pano mukundithandiza kumanga katoni."

Sanakane. Nsungwi anaona kuti sanakane, ndipo mwa zonse za m'mawawo ndi chimenecho chimene chinamukhazika mtima pang'ono.

"Lolemba ndikupita kuchipatala chachikulu," anatero. "Adokotala a za ubereki amaona mabanja Lolemba. Amafuna anthu awiri."

"Nthawi yanji?"

"Basi ya sikisi."

"Ndili ndi zitseko za sukulu zoti ndipereke Lolemba."

Nsungwi anamuyang'ana.

"Zidikira," anatero mwamunayo.

Anapita ku shedi, n'kubwerako ndi bulangete pa phewa ndi kachidutswa ka sandipepa m'manja. Anaima pa felemu ya chitseko. M'nyumba za anzawo mafelemu otere ankakhala ndi timizere tambirimbiri, tokwera chaka ndi chaka kuchokera m'mawondo, tili ndi mayina a ana pambali. Pa felemu yawo panali kamzere kamodzi, pamwamba penipeni. Anakweza sandipepa.

"Kasiyeni," anatero Nsungwi, akulowetsa ulusi pa singano. "Mungadzaiwalenso."